Galimoto yakale ya m'misewu yoipa pamene ndalama zili zochepa

Funso limene limamveka kawirikawiri pakati pa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, makamaka mvula ikamayandikira mu Novembala, ndi lakuti munthu wa ndalama zochepa angagule galimoto iti yoti izitha kupitirira pamene phula lathera. Ambiri a ife timakhala ku Mufakose, Mbare, Highfield, Dzivarasekwa kapena Epworth, koma makolo athu amene anabwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi anasiya abale m'madera a Mazowe, Shamva, Bindura, Banket ndi Arcturus, ndipo ena tidakali ndi mudzi ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Chipata kumene sitingalephere kukaonekera pa maliro ndi pa zinkhoswe. Galimoto zazing'ono zochokera ku Japan, monga Honda Fit, zimatithandiza kwambiri m'tauni muno, koma zikakumana ndi dothi lofiira la ku Mazowe litanyowa, kapena kamtsinje kamene mlatho wake unakokoloka, ulendo umathera pomwepo. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndaona mabanja amene anasonkha ndalama kwa nthawi yaitali, ena mothandizidwa ndi ana awo a ku Johannesburg, akugula galimoto yaikulu yooneka bwino imene kenaka inangokhala pabwalo, itakwezedwa pa njerwa, chifukwa panalibe ndalama yoikonzera.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene thumba lake ndi lochepa asankhe galimoto ya injini yosavuta, imene amakaniko athu amaidziwa bwino ndipo masipeya ake amapezeka msanga, ndipo pakati pa galimoto zotere atenge imene mwini wake anaisamalira, ngakhale dzina lake litakhala losatchuka. Pali chifukwa china chimene chimapangitsa kuti zimenezi zikhale zofunika kwambiri masiku ano kuposa kale. Kuyambira mu 2021 boma la Zimbabwe linayamba kuletsa kulowetsa m'dziko galimoto zambiri zimene zapitirira zaka 10 chipangidwire. Choncho njira imene ankadutsa akuluakulu athu, yoitanitsa Hilux Surf kapena Pajero yakale yotsika mtengo kuchokera ku Japan kudzera ku Durban ndi ku Beitbridge, inatsekeka. Galimoto yolimba imene siinakwane zaka 10 mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo mukaonjezapo msonkho wa ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, umafika poti ambiri a ife sitingaukwanitse. Zotsatira zake n'zakuti tonse tikusankha pa galimoto zimene zili kale m'dziko muno, zimene zayenda m'misewu yathu kwa zaka zambiri ndipo zadutsa m'manja mwa anthu angapo. Pa galimoto zotere, mbiri ya galimoto imodzi imene yaima patsogolo panu ndi yofunika kuposa mbiri ya kampani imene inaipanga.

Musanayambe kuzungulira m'malo ogulitsira galimoto, dzifunseni moona mtima kuti msewu woipitsitsa umene mudzayendemo ndi wotani, ndipo mudzanyamula chiyani. Galimoto zimene anthu amazitcha 4x4 zili m'magulu awiri osiyana kwambiri. Gulu loyamba ndi la galimoto monga Toyota RAV4, Honda CR-V ndi Nissan X-Trail, zimene zimatha kutumiza mphamvu ku matayala onse anayi koma zilibe giya yapadera yotsika imene imatchedwa low range, ndipo bodi yake ndi imodzi yophatikizana, yopanda chassis yapayokha. Zimenezi zimayenda bwino pa msewu wafumbi wosalazidwa, siziwononga mafuta ambiri, ndipo kwa banja limene limangopita ku Mutoko kapena ku Murehwa m'nyengo yachilimwe n'zokwanira. Gulu lachiwiri ndi la galimoto zokhala pa chassis yachitsulo yooneka ngati makwerero, zokhala ndi transfer case (giyabokosi yachiwiri yogawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi low range, monga Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody, Pajero yakale ndi Land Cruiser. Izi ndizo zimakoka pang'onopang'ono ndi mphamvu yaikulu m'matope, mumchenga wakuya ndi pamiyala, ndiponso zimapirira katundu. Pakati pa magulu awiriwa pali chinthu chimene anthu amachinyalanyaza, chimene ndi pikiapu yokoka ndi matayala akumbuyo okha koma yokwera m'mwamba, makamaka ikakhala ndi diff lock, chipangizo chimene chimakakamiza matayala onse akumbuyo kuzungulira limodzi. Galimoto yotere imatsika mtengo poyerekeza ndi inzake ya 4x4, ili ndi zitsulo zochepa zoti zionongeke, ndipo ikakhala ndi matayala abwino ndi katundu pang'ono kumbuyo imafika m'malo ambiri amene timapitako. Ndimalimbikitsa abale kuti aiganizire mofatsa, chifukwa kulipira low range imene simudzaigwiritsa ntchito ndi kuchotsa ndalama pa matayala ndi mabuleki amene mudzawafuna tsiku lililonse.

Aliyense mukamufunsa adzakuuzani kuti gulani Toyota, ndipo salakwa. Hilux yakhala ikupangidwa kuyambira 1968, masipeya ake ali paliponse kuchokera ku Harare mpaka ku Lilongwe, ndipo ngakhale ku Tete mungapeze munthu woidziwa. Vuto ndi lakuti mbiri imeneyi aliyense amaidziwa, kotero wogulitsa amaiphatikiza mu mtengo. Ndalama imene ingakupatseni Isuzu kapena Nissan yosamalika bwino nthawi zambiri imangokwanira Hilux yotopa, imene inagwira ntchito kwa anthu okumba golide ku Shamva kapena kunyamula fodya mopitirira muyeso. Mukapeza Hilux yakale yokhala ndi injini ya dizilo ya 3L, ya malita 2.8, kapena ya 5L, ya malita 3.0, imene chassis yake ili bwino ndipo mtengo wake mungaukwanitse, musazengereze. Mainjini amenewa alibe turbo, ndipo pampu yake ya dizilo ndi yamtundu wakale imene akatswiri a mapampu kuno amaitsegula ndi kuikonza. Dziwani chabe kuti ndi aulesi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya gawo la mphamvu zake, choncho kupitirira lole pa msewu wa ku Nyamapanda kumafuna kuleza mtima. Mainjiniwa amayendanso ndi timing belt (lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni), imene pa 3L imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ikaduka injini ili m'kati moyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Pali injini ina ya Toyota imene imafuna kusamala kwambiri pogula, ndiyo 1KZ-TE ya malita 3.0 yokhala ndi turbo, imene imapezeka mu Hilux Surf, mu Prado ya 90 series imene inapangidwa kuyambira 1996 mpaka 2002, ndi mu Hilux KZ-TE. Ndi injini yamphamvu ndipo imayenda mokoma, koma mutu wake ndi wa aluminiyamu pamene thupi lake ndi lachitsulo cholemera, ndipo ikangotentha mopitirira muyeso mutuwo umang'aluka. Kwa ife amene timadutsa ku Tete, kumene kutentha mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kenaka n'kukwera mapiri opita ku Zobue ndi ku Mwanza galimoto itadzaza anthu ndi katundu, nkhani imeneyi si yaing'ono. Sindikunena kuti muithawe, koma mugule pokhapokha mutatsimikiza kuti redieta, pampu ya madzi ndi fani zili bwino. Ndikufunanso kunena mawu okomera injini ya petulo ya malita 2.7 imene imatchedwa 3RZ, yopezeka mu Surf, Prado ndi Hilux zambiri. Anthu amaiopa chifukwa imamwa mafuta, ndipo n'zoona kuti imamwa, koma imayenda ndi tcheni m'malo mwa lamba, ilibe turbo, ndipo kuikonza n'kotsika mtengo poyerekeza ndi dizilo. Munthu amene amayenda maulendo aatali apo ndi apo, osati tsiku lililonse, angapeze kuti ndalama imene akuonjezera pa petulo ndi yochepa kuposa imene akanalipira pokonza pampu ya dizilo kamodzi kokha. Chofunika kukumbukira n'chakuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo pa galimoto yakale ndi bwino kuyang'ana timapaipi ta labala ta mafuta ngati sitinaume ndi kung'ambika.

Kumene ine ndimaona kuti munthu wa ndalama zochepa amapindula kwambiri ndi ku Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mazda B-series. Isuzu KB250 ndi KB280 zakale, za mainjini a 4JA1 ndi 4JB1, zimachita phokoso ndipo zimanjenjemera, koma zimayenda mtunda wautali pa mafuta ochepa, ndipo alimi a kuno anazikhulupirira kwa zaka zambiri pa zifukwa zomveka. Samalani kuti musasokoneze zimenezi ndi Isuzu Bighorn kapena Trooper ya injini ya 4JX1, imene ma injector ake amayendetsedwa ndi mphamvu ya oyilo ndipo inatchuka ndi mavuto ovuta kuwapeza ndiponso okwera mtengo. Ku Nissan, mainjini a TD27 ndi QD32 ali ndi ubwino waukulu wakuti m'kati mwake mulibe lamba wa timing, amayenda ndi magiya achitsulo, choncho nkhawa imodzi yaikulu imachokeratu. Injini ya ZD30 ya zaka zoyambirira inali ndi mbiri yoononga mapisitoni, ndipo ine sindingaigule popanda umboni wa ntchito imene inachitikapo. Pa Hardbody pali mfundo imene sindingabise, chifukwa timanyamulamo ana ndi makolo athu: mu 2018 bungwe la Global NCAP linayesa NP300 Hardbody yogulitsidwa ku South Africa poigundanitsa, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu siinapeze nyenyezi ngakhale imodzi mwa nyenyezi zisanu zimene bungweli limapereka. Mapikiapu ena a m'badwo womwewo nawonso sanapangidwe ndi chitetezo cha masiku ano, kotero aliyense wogula galimoto zotere adziwe kuti liwiro lochepa ndi malamba a m'mipando ndizo zidzamuteteza. Mazda B2500 ndi BT-50 zili ndi mwayi wapadera kuno, chifukwa zinkalumikizidwa ku Willowvale mu Harare momuno, ndipo Ford Ranger ya nthawi imeneyo ndi mbale wake wa zitsulo zofanana, choncho masipeya ake ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ochuluka. Injini ya WL ya mu B2500 nayonso siifuna kutenthedwa, mutu wake umang'aluka mofanana ndi wa 1KZ.

Mitsubishi Pajero imagulitsidwa motsika mtengo kuposa Prado ya zaka zofanana, ndipo ya injini ya 4M40 ya malita 2.8 ndi galimoto yabwino ya banja lalikulu. Ya injini ya 4D56 ili ndi malamba awiri, wa timing ndi wina waung'ono wa balance shaft, ndipo onse ayenera kusinthidwira limodzi chifukwa waung'onowo ukaduka umatha kukola waukulu. Pajero za petulo za mtundu wa GDI ndimazisiya. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, ndi imene aliyense angailakelake, koma yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala itatheratu, ndipo matayala ndi mafuta ake si a thumba lochepa. Suzuki Escudo yakale ndi Jimny zili ndi chassis ndi low range zenizeni m'thupi laling'ono, ndipo kwa munthu amene sanyamula katundu wambiri zimafika kumene zazikulu zimafika pa mafuta ochepa.

Mainjini atsopano a dizilo a common rail, monga D-4D ya Toyota, ali ndi mphamvu zambiri ndipo satulutsa utsi wochuluka, koma amapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo madzi pang'ono, fumbi kapena parafini wosakanizidwa mu dizilo zimaononga ma injector ndi pampu. M'tauni, pamene mumathira dizilo woyengeka bwino wotchedwa Diesel 50 pamalo odalirika, zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma ife maulendo athu amatifikitsa m'malo amene mafuta amagulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo mtengo wa ma injector anayi atsopano ungafanane ndi gawo lalikulu la ndalama imene munagulira galimoto. Ngati mwasankha D-4D, pemphani kuti ilumikizidwe ku kompyuta yoyezera kuti muone mmene ma injector akugwirira ntchito, ndipo mukhale okonzeka kusintha fyuluta ya dizilo msangamsanga.

Pali ntchito imodzi imene ndimapempha mbale aliyense kuti aichite asanapereke ngakhale dola imodzi. Lembani papepala dzina la galimoto, chaka ndi nambala ya injini, kenaka muyende m'masitolo a masipeya a mu Kaguvi Street, mupitenso ku Gazaland ku Highfield, mukafunse mitengo ya zinthu zimene zimaonongeka kawirikawiri: clutch yonse, redieta, pampu ya madzi, ma ball joint, ma shock, sitata, ndi mutu wa injini. Mukafunsenso ngati zilipo tsiku lomwelo kapena ziyenera kuitanitsidwa ku South Africa kapena ku Dubai. Mayankho amenewa adzakuonetsani mtengo weniweni wokhalira ndi galimotoyo. Amalume anga, amene anagwira ntchito yaumakaniko kwa moyo wawo wonse, ankatiuza kuti galimoto imene sipeya yake ikufunika kudikirira milungu itatu si ya munthu amene angaitanidwe ku maliro usiku. Pa ulendo womwewo pezani makaniko wodziwa mtundu wa injini imene mukufuna, mugwirizane naye malipiro a tsiku limodzi, ndipo akhale wosankhidwa ndi inu, osati wobwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba.

Tsiku loona galimoto, pemphani kuti muipeze isanalizidwe, ndipo mukafika ikani dzanja pa injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa ya dizilo imavuta kulira m'mawa, ndipo wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu. Ikamalira, wina aime kumbuyo ayang'ane utsi. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikuwotcha oyilo, wakuda wochuluka umaloza ku pampu, ma injector kapena fyuluta ya mpweya, ndipo woyera umene sukutha ngakhale injini itatentha ungatanthauze kuti madzi akulowa m'masilinda. Injini ikulira choncho, masulani pang'ono chitsekerero cha pothirira oyilo. Ngati chikuvinavina ndipo mpweya wautsi ukutuluka mwamphamvu, maring'i a mapisitoni atha. Yang'anani pansi pa chitsekererocho ngati pali zinthu zoyerera ngati mkaka, chizindikiro chakuti madzi ndi oyilo zasakanikirana. Injini isanatenthe tsegulani redieta, muone ngati muli madzi a mankhwala amtundu wobiriwira kapena wofiira, kapena madzi a pampopi odzaza dzimbiri, ndipo ikalira muone ngati thovu likutuluka mosalekeza, chifukwa limenelo ndilo limaulula gasket yopsa kapena mutu wong'aluka. Funsani ngati thermostat ilimo. Kuichotsa ndi chizolowezi chofala kuno, ndipo nthawi zambiri imachotsedwa pofuna kubisa vuto la kutentha limene silinakonzedwe. Injini imene yatsukidwa mpaka kung'anima tsiku logulitsa isakusangalatseni, chifukwa kutsukako kumachotsa zizindikiro za pamene oyilo amadontha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo penti yatsopano pa galimoto ya zaka makumi awiri iyenera kukupangitsani kufunsa mafunso ambiri.

Kenaka vulani jekete, yalani katoni, mulowe pansi ndi tochi, chifukwa moyo wonse wa galimoto ya m'tchire unalembedwa kumeneko. Tsatirani chassis kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo mbali zonse ziwiri, mukuyang'ana ming'alu, malo owotcherera ndi zitsulo zomatidwa, makamaka kuseri kwa kabini ndi pamene pamagwira masipuling'i akumbuyo, chifukwa ndi pamene pikiapu yonyamula mopitirira muyeso imathyokera. Chassis yowotcherera mosadziwa bwino ndi chifukwa chokwanira chosiyira galimoto, ngakhale injini itakhala yabwino chotani. Dzimbiri si vuto lalikulu pa galimoto zimene zakhala ku Harare moyo wake wonse, popeza tili kutali ndi nyanja, koma zimene zinachokera ku United Kingdom kapena kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, zimatha kudyeka m'kati kunja kukuoneka bwino. Gogodani ndi sipanala mumve ngati chitsulo chikulira molimba. Onetsetsani kuti propshaft, chitsulo chotumiza mphamvu ku matayala akutsogolo, ilipo, chifukwa pali galimoto zimene zimagulitsidwa ngati 4x4 pamene chitsulo chimenechi chinachotsedwa kalekale diff yakutsogolo itaonongeka. Yang'anani malabala ophimba ma CV joint ngati sanang'ambike, ndipo makaniko atsegule pothirira oyilo wa diff aviike chala: oyilo woyerera amasonyeza kuti galimotoyo inawoloka mitsinje ndipo madzi analowa. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, ndipo m'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza mlungu ndi chaka chimene linapangidwa, kotero 2319 ndi mlungu wa 23 wa chaka cha 2019. Nambala ya makilomita pa mita musaikhulupirire payokha, popeza kuibweza m'mbuyo n'kosavuta. Yerekezani ndi mmene chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi malabala a mapedulo zathera. Galimoto yokwezedwa m'mwamba, ya matayala aakulu kwambiri ndi zitsulo zolemera kutsogolo, ine ndimaiopa, chifukwa zinthu zimenezi zimatopetsa ma bearing ndi chiwongolero, ndipo kawirikawiri zimasonyeza kuti inkagwiritsidwa ntchito molimba.

Kuzungulira nayo kamodzi pafupi ndi malo ogulitsira sikokwanira. Gwirizanani ndi mwini wake kuti muthire mafuta anu, mupite nayo kunja kwa tauni, mwachitsanzo cha ku Domboshava, kumene mungapeze phula, zitunda ndi msewu wafumbi pa ulendo umodzi. Pokwera chitunda yang'anitsitsani singano ya kutentha, iyenera kukhazikika pamalo amodzi. Ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta: injini ikakwera phokoso koma liwiro osaonjezeka, clutch yatha. Mukafika pafumbi imani, mutseke ma hub akutsogolo ngati ndi otembenuza ndi dzanja, muike 4H (4x4 ya liwiro wamba) kenaka 4L (low range ija), ndipo mumve ngati ikulowa ndi kutuluka bwino, osadumpha yokha. Mu 4L galimoto iyenera kukwawa pang'onopang'ono injini ikulira mokweza. Mayeso amenewa musawachitire pa phula. Mapikiapu ambiri alibe diff yapakati, kotero mukatseka 4x4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizika kuzungulira mofanana, ndipo pamalo olimba, pamene tayala silingaterereke, zitsulo zimapotokana mpaka kuthyoka. Mukabwerako siyani injini ikulira kwa kanthawi, kenaka muyang'ane pansi ngati padontha chilichonse.

Mapepala ndi pamene anthu abwino amatayira ndalama zonse nthawi imodzi. Nambala ya chassis ndi ya injini zimene zili pa galimoto zifanane ndi zimene zili m'buku lake, ndipo muziwerenge nokha chilembo ndi chilembo. Dzina la m'buku likhale la munthu amene akukugulitsani, ndipo muone chitupa chake. Kuno n'zofala kupeza galimoto imene yadutsa mwa anthu angapo buku lidakali m'dzina la mwini woyamba, aliyense akungopatsa mnzake kalata yolumbirira, ndipo mwini woyambayo mwina anasamukira kunja kapena anamwalira. Galimoto yotere idzakuvutani kuisintha dzina, ndipo idzakuvutani kwambiri pa chipata cha Nyamapanda, pamene amafuna buku, chilolezo cha apolisi, ndi kalata ya mwini ngati dzina si lanu. Njira yoyenera ndi kulemberana mgwirizano wogulitsana, kupita ndi galimoto kwa apolisi a Vehicle Theft Squad kuti atsimikize kuti si yobedwa, kulipira msonkho wosinthira umwini ku ZIMRA, ndi kulembetsa ku Central Vehicle Registry. Ndalama yaikulu iperekedwe apolisi atamaliza kuiona, ndipo wogulitsa amene akukana kupita nanu kumeneko musapitirize naye. Funsaninso za mmene inalowera m'dziko, chifukwa ZIMRA imalanda galimoto zimene msonkho wake sunalipidwe moyenera ngakhale zili kale m'manja mwa munthu wina, ndipo zimene zinalowa mochotseredwa msonkho, monga za ogwira ntchito m'boma, siziloledwa kugulitsidwa kwa zaka zingapo popanda kulipira msonkhowo. Onaninso ngati laisensi ya ZINARA, bungwe loyang'anira misewu, ilibe ngongole ya m'mbuyo. Amene mukuganiza za ulendo wa ku Malawi mukumbukire kuti inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Malawi, koma Mozambique siili m'bungweli, choncho podutsa ku Tete mumagula inshuwalansi ina pachipata.

Pa ndalama zonse zimene mwasonkhanitsa, ine ndimalangiza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lisapite kwa wogulitsa. Zimenezi zimawawa, chifukwa zikutanthauza kutenga galimoto yocheperapo kuposa imene mtima ukufuna, mwina single cab m'malo mwa double cab, kapena Mazda m'malo mwa Toyota. Koma galimoto yakale iliyonse imabwera ndi ntchito imene mwini wake anaizengereza atadziwa kuti aigulitsa. Mlungu woyamba sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa transfer case ndi wa ma diff onse, pamodzi ndi mafyuluta onse. Ngati injini ndi ya lamba ndipo palibe lisiti losonyeza tsiku ndi makilomita pamene anasinthidwa, sinthani timing belt ndi ma tensioner ake mosayembekezera, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi watsopano. Redieta ichotsedwe ikatsukidwe kapena isinthidwe, thermostat ibwezeretsedwe, mapaipi a madzi ofewa achoke, ndipo muthiremo madzi a mankhwala oyenera. Mabuleki ayang'anidwe mawilo onse anayi. Ndalama yotsala ipite ku matayala olimba a mtundu wa LT, opangidwira galimoto zonyamula katundu, ndipo apa galimoto ya marimu a mainchesi 15 kapena 16 imakupulumutsani, popeza matayala ake ndi otsika mtengo ndipo amapezeka ngakhale m'matauni aang'ono. Ulendo woyamba ukhale wapafupi, monga wa ku Bindura kapena ku Marondera, makaniko wanu akudziwa kuti mwanyamuka, ndipo wa ku Dedza udikire mpaka galimotoyo itayenda miyezi ingapo osatentha ndiponso osachepetsa madzi.